Mpala Wopanda Madzi

Makolo athu akafuna kunena za munthu amene mnzake wamchitira nkhanza, kapena wamnyenga pa malonda, ankati, "Am'meta mpala wopanda madzi." Masiku ano mawu amenewa tiwanena ndi kuseka, koma iwo amene anayamba kuwanena sanali kuseka ayi. Anadziwa ululu wa lumo loyenda pa khungu louma, ndipo pofunafuna chofanizira nkhanza sanapeze china choposa chimenecho. Tsono ine ndizizwa poona kuti ife ana awo, amene tili nawo malezala akuthwa koposa malumo onse a kale, tidzimeta tokha mpala wopanda madzi Loweruka lililonse, ndipo pambuyo pake tidandaula kuti tinabadwa ndi khungu loipa.

Ena adzati nkhani iyi njaing'ono, yosayenera kutayirapo pepala. Koma inu owerenga, tayang'anani pa nkhongo ndi pansi pa zibwano za amuna amene mukomana nawo tsiku la Sabata, kapena tsiku la msika ku Lizulu ndi ku Kampepuza. Mudzaona kuti ambiri ali ndi tiziphuphu tambirimbiri, tina tofiira, tina ta mafinya, ndipo ena akhala ndi mawanga akuda ndi zipsera zimene sizidzachokanso. Mwana wa mlongo wanga anapeza ntchito ya ulonda ku Lilongwe, kumene lamulo linali lakuti mlonda aliyense azifika m'mawa ndi chibwano chosalala. Isanathe miyezi itatu khosi lake linali ngati khungwa la chipwete, ndipo anayamba kuyenda chowerama, akubisa chibwano m'kolala ya malaya. Anzake anamseka kuti sasamba, ena nanong'onezana kuti ali ndi nthenda yobisika. Mnyamata uja anatsala pang'ono kusiya ntchito imene inali kudyetsa amake ndi ang'ono ake anayi. Chinthu chokhoza kuchotsa munthu pa ntchito ndi kumlanda ulemu pakati pa anzake sichili chaching'ono.

Choyamba tiyenera kudziwa chimene chiutsa tiziphuphu timeneti. Gwero lake si litsiro, kapena magazi oipa, kapenanso kulodzedwa. Ndilo tsitsi la mwini wake lomwe. Tsitsi la Mzungu kapena la Mmwenye lituluka m'khungu lowongoka, monga bango lituluka m'dambo. Koma lathuli ndi lopotana kuyambira m'muzu mwake, ndipo potuluka lipinda monga kamtsitsi ka dzungu kofuna pogwira. Tsono kumbukirani chimene chichitika mukadula nsungwi mopendeka ndi chikwanje: nsonga yotsalayo ikhala yakuthwa ngati mkondo. Lezala lichita chomwecho ndi tsitsi lililonse la ndevu. Pamene tsitsi lija liyambanso kukula, lipinda ndi kubwerera, nsonga yake nilasa khungu ndi kulowamo. Ndipo ngati linadulidwa pafupi kwambiri, kotero kuti nsonga yake inabisala pansi pa khungu, silipeza konse khomo lotulukira, koma liboola m'mbali ndi kukulira m'kati. Thupi liliyesa tsitsi limenelo munga, nilitupa pofuna kulichotsa, monga chala chitupa pamene kachitsotso katsaliramo. Kutupa kumeneko ndiko kachiphuphu kamene tiona.

Zimenezi sindizinena za m'mutu mwanga. Madokotala awiri a ku America, John Strauss ndi Albert Kligman, anapima khungu la amuna ovutika chotero, nalemba m'chaka cha 1956 kuti gwero la nthendayi ndilo tsitsi lopotana lobwerera m'khungu. Dzina lake m'mabuku a madokotala ndi pseudofolliculitis barbae, ndiko kunena kuti ioneka ngati nthenda ya tizilombo ta m'mizu ya ndevu, koma sili yomweyo. M'magulu a nkhondo a dziko lomwelo asilikali akuda anasauka nayo kwambiri chifukwa cha lamulo lakumeta tsiku ndi tsiku, mpaka m'zaka za m'ma 1970 madokotala a asilikali anali kulembera ambiri a iwo kalata yowalola kusunga ndevu zazifupi. Chotero munthu wa ku Ntcheu asaganize kuti tsoka ili ndi la iye yekha. Lipezeka kulikonse kumene tsitsi lopotana likomana ndi lezala lakuthwa.

Nanga bwanji akuluakulu amene ndinawaona pa ubwana wanga analibe makosi otere? Agogo anga aamuna, kumudzi kwathu m'munsi mwa phiri la Mvai, ndiwo anali ometa anzawo. Lumo lawo linali kachitsulo kakang'ono kosulidwa pa chipala, kotambalala ku nsonga, ndipo ankalisunga m'kansalu pa tsindwi. Munthu akadza kudzametedwa, agogo sankafulumira. Ankatuma mwana kukatenga madzi ofunda m'phale, iwo nakhala pansi kunola lumo pa mwala wosalala, nalipukuta pa chikopa. Pamenepo ankanyowetsa mutu kapena ndevu za mnzawoyo, nazitikita ndi manja nthawi yaitali akucheza za milandu ndi za ng'ombe, ndipo pakauma ankanyowetsanso. Pometa, lumo linkatsata kumene tsitsi lagonera, pang'onopang'ono, ndipo malo amodzi silinkadutsapo kawiri. Atatha ankamdzoza mafuta a nsatsi. Chibwano cha munthuyo sichinkasalala ngati botolo ayi. Ukachikhudza unkamva timinga. Ndipo ankatha milungu ingapo asanabwerenso. Tsopano ndizindikira kuti m'zinthu zitatu zimenezi, madzi ambiri, kusameta pafupi, ndi kusameta kawirikawiri, munali mankhwala onse.

Kameta katsopano kanadza ndi zinthu zina za Azungu. Munthu wina wa ku America, dzina lake King Camp Gillette, anaganiza zopanga kalezala kopyapyala kotsika mtengo, kakuti kakabuntha munthu angokataya osanola. M'chaka cha 1903 anagulitsa zogwirira 51 zokha ndi malezala 168. Koma dziko lake litalowa m'Nkhondo Yaikulu mu 1917, boma linagawira asilikali ake zometera zimenezi, ndipo iwo pobwerera kwawo sanazisiye. Kwathu kuno zinafika m'masitolo a Amwenye ndi m'masutukesi a anthu obwera ku Salisbury ndi ku Joni. Asilikali athu a King's African Rifles, amene anakamenya nkhondo ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma pakati pa 1939 ndi 1945, anazolowera kuima pa perete ndi zibwano zoyera. Aphunzitsi, makalaliki, amesinjala a kwa DC ndi ophika m'nyumba za Azungu, onsewo anaphunzira kuti chibwano chosalala ndicho chizindikiro cha munthu waukhondo ndi wophunzira. Tinalandira lezala pamodzi ndi muyeso wake wa kusalala, koma muyesowo unapimidwa pa ndevu zowongoka, zimene sizibwerera kudzalasa mwini wake.

Pambuyo pake amisiri anaonjeza ukatswiri wawo. Mu 1962 a Wilkinson Sword a ku England anatulutsa malezala a chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndipo mu 1971 a Gillette anatulutsa chometera cha malezala awiri ogundizana, cha atatu nichitsata mu 1998. Machitidwe ake ndi awa: lezala loyamba likoka tsitsi kulitulutsa pang'ono m'dzenje lake, lachiwiri nilidula lisanabwerere, kotero kuti chotsalacho chimira pansi pa khungu. Kwa mwini ndevu zowongoka umenewo ndi mwayi, pakuti asalala mpaka madzulo. Kwa ife ndiko kukwirira mkondo m'thupi. Chifukwa chake munthu wa tiziphuphu asadandaule kuti alibe ndalama zogulira chometera cha malezala ambiri; lezala limodzi la m'kapepala, longa a Nacet ndi Minora amene tinakula tikuwaona m'magolosale, limkomera koposa, akaliika m'chogwirira chake.

Tsono ndifuna kulongosola kameta kamene ndakhala ndikuchita zaka zambiri, kamenenso ndinaphunzitsa mwana wa mlongo wanga uja. Chiyambi chake ndi madzi. Tsitsi louma la ndevu ndi lolimba kwambiri, koma limwa madzi monga luzi limwa, ndipo likanyowa mphindi zitatu kapena zinayi lifewa, lezala nilidula popanda kulikoka. Chifukwa chake nthawi yabwino yometa ndiyo pamene mwangotha kusamba madzi ofunda. Ngati simusamba nthawi imeneyo, viikani kansalu koyera m'madzi ofunda, osati otentha owaula, ndi kukagwiriza pa ndevu kufikira zitafewa. Ife a kumapiri tisamale koposa m'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha ku Tsangano ching'amba milomo ndi zidendene. Khungu louma ndi mphepo yotere silikhoza kupirira lezala lodza ndi madzi ozizira a pachitsime.

Chachiwiri ndi thovu. Ntchito ya thovu ndiyo kusunga madzi pa tsitsi ndi kuterereza lezala. Sopo wosambira wofewa akwanira, mukampukusa bwino m'manja kapena ndi kaburashi mpaka thovu likhale lochindikala. Sopo wa ufa wochapira zovala asafike pa nkhope, pakuti aumitsa khungu ndi kuliwawa. Popaka, zungulizani zala kapena kaburashi, chifukwa kuteroko kudzutsa tsitsi limene linayamba kugona pa khungu. Thovu likauma musanafike mbali ina, pakaninso, madzi sagula.

Chachitatu, chimene ambiri sachidziwa, ndicho kuzindikira kumene ndevu zanu zagonera. Aliyense wofolera nyumba adziwa kuti ukasisita udzu wa denga chotsika dzanja liyenda bwino, koma ukausisita chokwera uunyamula ndi kudzibaya. Ndevu zili chomwecho. Lekani kumeta masiku atatu, ndipo mudzisisite ndi chala: kumene chala chiyenda mosalala ndiko ndevu zagonera, kumene chikanika ndiko kutsutsana nazo. Mudzapeza kuti pa masaya zambiri ziloza pansi, koma pa khosi zina ziloza m'mbali, zina m'mwamba, zina zizungulira ngati kamvulumvulu. Ndipo pa khosi pomwepo ndi pamene tiziphuphu tichuluka. Lezala lizitsata kumene tsitsi lagonera pa malo alionse. Kumeta mobweza kusalalitsa ndithu, koma mtengo wake muulipira pakapita masiku awiri kapena atatu.

Chachinayi ndi dzanja. Musakoke khungu ndi zala kuti likungike, pakuti kukokako kutulutsa tsitsi m'dzenje lake, ndipo mukalekerera libwerera pansi pa khungu lili lodulidwa kale. Musasindikize lezala, kulemera kwa chogwirira chake kukwanira. Ligoneke pang'ono pa khungu, lisaime chilili ngati khasu lopalira, ndipo muzikoka pafupipafupi, kutalika kwake ngati mfundo imodzi ya chala, ndi kulitsukuluza m'madzi kawirikawiri. Pamene lezala ladutsa pasadutsenso popanda thovu latsopano. Lezala lobuntha litayeni m'chimbudzi chokumba, kumene ana sangalitole. Pakuti lobuntha likoka tsitsi ndi kukala khungu, ndipo limkakamiza munthu kusindikiza. Kusunga lezala limodzi mwezi wathunthu pofuna kupulumutsa makwacha ochepa ndiko kugula zilonda. Mukatha, tsukani nkhope ndi madzi ozizira oyera, muipukute mogunda pang'ono osati mokhula, ndi kudzola mafuta pang'ono opanda fungo lamphamvu. Spiriti ndi mafuta onunkhira awawa, ndipo ambiri ayesa kuti kuwawako ndiko kuchiza. Koma kungoumitsa khungu limene lakalika kale.

Nanga iye amene khosi lake ladzala kale, achite chiyani? Mankhwala ake aakulu ndi kuleka kumeta. Ndevu zikula kutalika kwa sentimita imodzi pa mwezi, kapena kupitirira pang'ono, ndipo zikatalika chotero tsitsi lija linalowa m'khungu lidzisolola lokha monga uta umasuka, kutupa nikuphwa. Pafunika milungu itatu kapena inayi, kwa ena kupitirira. Amene awerenga Buku Lachiwiri la Samueli adzakumbukira kuti pamene mfumu ya Aamoni inameta amithenga a Davide mbali imodzi ya ndevu kuti iwachititse manyazi, Davide sanawakakamize kuonekera pa bwalo, koma anawauza akhale ku Yeriko kufikira ndevu zawo zitamera. Wodwala tiziphuphu nayenso afunika Yeriko wake. M'masiku akudikirawo azigwiriza kansalu kofunda m'mawa ndi madzulo, ndi kupesa ndevu ndi kaburashi kofewa. Akaona tsitsi lopinda ngati chingwe cha msampha, nsonga yake ili m'khungu, akhoza kulitukula ndi singano yowiritsa m'madzi. Koma asalizule, pakuti lomera m'malo mwake lidzayambira pansi ndi kulasa kachiwiri. Asafinye, asakande, asapakepo mankhwala otsukira mano kapena mafuta oyeretsa khungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khungu likapola, ambiri apeza kuti chowakomera ndicho kungodula ndevu ndi sizasi kapena makina ometera, kusiya timinga tating'ono pamwamba pa khungu, kapena kumeta ndi lezala kawiri kokha pa mlungu. Mwana wa mlongo wanga anapita kuchipatala, nalandira kalata yonena za nthenda yake, ndipo akulu a pa ntchito ataiwerenga anamlola kusunga ndevu zazifupi zodulidwa bwino. Koma pali zizindikiro zimene munthu asazichedwere: mafinya ochuluka, kutupa kofalikira ndi kutentha, malungo, kapena zotupa zolimba za pa nkhongo zimene zikulirakulira ndi kulumikizana. Zotupa za pa nkhongozi zipezeka kwambiri mwa anyamata okonda kupalidwa ndi lezala m'mphepete mwa tsitsi, ndipo zikakhwima tsitsi silimeranso pamenepo. Wotere apite ku chipatala chaching'ono cha kwawo kapena ku chachikulu cha pa boma pa Ntcheu zisanakule.

Patsala chinthu chimodzi chimene agogo anga sanachidziwe, ndipo pa ichi sitingawatsate. Iwo ankameta mudzi wonse ndi lumo limodzi. Ndipo pa tsiku lometa maliro abale onse ankakhala pa mzere, lumo lomwelo nilichoka pa mutu uwu kunka pa uwo. M'menemo munali chikondi, koma lero tidziwa kuti kadontho ka magazi kosaoneka ndi maso kakhoza kunyamula nthenda. Chiyambire 1985, pamene Edzi inapezeka koyamba m'Malawi, tamva kawirikawiri kuti tisabwerekane malezala. Koma ilipo nthenda ina imene idutsa pa lezala mosavuta koposa kachilombo ka HIV, ndiyo nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis B. Kachilombo kake kakhoza kukhala ndi moyo m'magazi ouma masiku 7 kapena kuposa, ndipo munthu angakhale nako zaka zambiri osadziwa, chiwindi chake chilikuonongeka. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko lino mu 2002, chotero ambiri a ife obadwa chisanafike chaka chimenecho sitinamlandire. Taganizani tsono za khosi lodzala tiziphuphu: lezala lidula mitu yake, magazi natuluka, ndipo mwana kapena mphwake wa munthuyo alitenga pa zenera kukametera. Chifukwa chake lezala likhale ngati mswachi, aliyense lake. Pa mwambo uliwonse wofuna kumeta anthu ambiri, eni mbumba agule malezala okwanira mitu yonse. Mtengo wake sufika pa wa nkhuku imene aphera alendo.

Chimodzimodzinso kwa ometa a pa msika, amene masiku ano ameta ndi makina a magetsi kapena a batire. Ntchito yawo njabwino, ndipo makina awo, posadula pansi pa khungu, achitira chifundo makosi ambiri. Koma si chipongwe kupempha wometa kuti atsuke makina ndi kuwapukuta ndi spiriti musanakhale pa mpando, ndi kuti lezala lopalira m'mphepete alitulutse m'pepala inu mukuona. Amayi otengera ana kumeneko asamale koposa, pakuti chipere chiyenda pa makina ndi pa zipeso kuchoka pa mutu wa mwana wina kunka pa wina. Ndipo chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha, koma chifuna akumwa a kuchipatala kwa milungu ingapo.

Mawu anga otsiriza apite kwa iwo amene ali ndi ulamuliro pa anzawo: olemba anthu ntchito, aphunzitsi aakulu, akulu a mpingo, ndi apongozi amene ayang'ana mkamwini kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mukaona mnyamata wa ndevu zazifupi zosamalika, musafulumire kunena kuti ndi wamwano kapena waulesi. Kapena ali kuchiza khosi lake. Ukhondo ukhala m'madzi ndi m'sopo, ndipo munthu akhoza kukhala waudongo ndi ndevu, monga akhozanso kukhala wauve ndi chibwano chosalala. Ndipo inu atate amene ana anu ayamba kumera ndevu, musawasiye adziphunzire okha kuseri kwa nyumba ndi lezala la dzimbiri ndi kagalasi kosweka. Mwana timphunzitsa kugwira khasu ndi nkhwangwa. Timphunzitsenso kugwira lezala, pakuti nkhope imene aiononga ali ndi zaka 18 adzayenda nayo mpaka imvi. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Amene wawerenga izi akauzeko mnansi wake amene sadziwa kuwerenga.